Alamu akuti tisonkhe, tiyambitse ndege zathu

Achemwali ena amene ndi namwino ku Leeds, ku England, andilembera imelo. Nkhani yake ndi yakuti alamu awo, amuna a mng'ono wawo, agwirizana ndi anzawo kuti ayambitse kampani ya ndege zoyenda m'dziko momwemuno: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Karonga, Likoma. Akusonkhetsa ndalama kwa Amalawi okhala kunja, ndipo achemwaliwa awauza kuti aponyemo mapaundi 10,000, ndalama imene amasungira kukhomera malata nyumba yawo ku Area 49. Alamuwo akuti taonani ku Zambia, anzathu anadzutsa Zambia Airways mu 2021, mpaka lero ikuuluka, ife chikutikanika n'chiyani? Funso la achemwali ndi limodzi: aponyemo kapena ayi.

Achemwali, mwandiputa dala. Ndikanatha kukuyankhani ndi mawu amodzi pa imelo pomwepo, koma nkhani imeneyi inandikhala pakhosi kalekale, ndiye mupirire, ndiyamba ndazungulira.

Ine ndinagwirapo ntchito yogulitsa matikiti a ndege mu ofesi ina mumzinda wa Blantyre, nthawi imene tikiti inali kabuku ka mapepala ofiira kuseri, kolemba ndi bolopeni mokanikiza kuti zilembo zidutse mpaka tsamba lomaliza. Pa zaka zimenezo kunabwera bambo wina ndi kampani yake ya ndege. Sinditchula dzina, ana ake alipo. Tsiku lotsegulira tinaitanidwa tonse ogulitsa matikiti. Galimoto zozimitsa moto zinaima ina uku ina uku n'kupopera madzi m'mwamba, ndege n'kudutsa pansi pake, ife m'manja osaleka. Panali nyama yootcha, panali zoyankhula zosatha, panali mabwana a masuti amene aliyense ankalumbira kuti kuyambira mawa antchito ake onse azikwera ndege imeneyi. Sabata yoyamba inkadzazadi. Koma ife olemba matikiti tinkadziwa amene anali m'katimo: atolankhani, achibale, anzake a mwini wake, anthu a matikiti aulere. Mwezi usanathe, ndandanda wa okwera unkatuluka pa fakisi uli ndi mayina anayi, asanu, tsiku lina awiri okha, m'ndege ya mipando yoposa 15.

Chimene chinandikhalira m'mutu ndi Lachinayi madzulo. Mwini wakeyo ankabwera yekha, osatuma munthu, n'kukhala pampando wa makasitomala, chipewa chili pabondo. Ankayamba ndi kufunsa za kunyumba, za mvula, za mpira wa Lamlungu. Kenaka mawu ankatsika, n'kupempha abwana athu kuti amupatsiretu ndalama za matikiti a sabata imeneyo tsiku lolipira lisanakwane, chifukwa a mafuta anali atakana ngongole: ndalama iyambe yafika, ndiye payipi ilowe m'phiko. Abwana athu ankatiuza kuti tituluke kaye tikamwe tiyi, kuti munthu wamkulu asachite manyazi pamaso pa ana.

Bambo ameneyu sanali wakuba. Ichi muchimvetse, chifukwa ndikudziwa kuti pansi pa mtima funso lanu ndi lakuti kodi alamu akufuna kundidyera? Mwina ayi ndithu. Bambo uja anali munthu wodzuka m'mbandakucha, wosamwa, wodziwa za ndege kuposa tonse amene tinkamuseka kumbali. Anagulitsa nyumba yake, anatenga ndalama za abale ndi alongo, za apongozi, za anzake a kutchalitchi, onse anapereka ndi mtima umodzi. Ndegeyo itaima, anthu a matikiti anabwera kwa ife, poti ndife tinalandira ndalama zawo. Mayi wina anakhala pa benchi ya mu ofesi kuyambira m'mawa mpaka potseka, matikiti a akwati ali m'manja, osatukwana, osalira, kumangotiyang'ana. Patapita zaka ndinakumana ndi banja la bamboyo pamaliro ena. Abale a mimba imodzi anakhala wina kuno wina uko, ngakhale moni osapatsana. Ndalama inali itaiwalika kuchuluka kwake, koma chidani chinali chikadali chamoyo.

Anthu ambiri olota za ndege amawerengera ndi mutu wa minibasi. Minibasi imaima pa siteji injini ili chizimire, anyamata akuitanira, mpaka mpando womaliza utakhalidwa, ndipo panjira imatola ena. Ndege ilibe mwayi umenewo. Mwalemba 7 koloko, 7 koloko inyamuke, kaya muli anthu 3 kaya 30. Mafuta ndi omwewo, oyendetsa awiri ndi omwewo, ndalama yoterera pabwalo ndi yomweyo. Mpando umene wauluka wopanda munthu wapita basi, simungausunge kuti mukaugulitse mawa. Mukati lero tisanyamuke poti anthu achepa, atatu aja akauza anzawo kuti ndege imeneyi njosadalirika, mawa mupeza mmodzi.

Ndiye pali nkhani ya madola, imene kwa ine ndi imene imapha. Lendi ya ndege ndi madola. Inshulansi ndi madola, poti makampani akuno sangasenze okha ngozi ya ndege, amakatula katunduyo kwa anzawo akunja. Masipeyala ndi madola, ndipo chitsulo cha ndege sasulitsa ku Ndirande: chilichonse chimabwera ndi chikalata chake, ndipo chikakwanitsa maola ake chimachotsedwa ngakhale chikuwala ngati chatsopano. Oyendetsa amayenera kupita kunja pafupipafupi kukayesedwa pa makina oyerekezera ndege, kumenekonso madola. Mafuta amachita kuchokera ku madoko a anzathu, Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, pofika kuno mtengo wakwera kale. Koma tikiti ya ku Mzuzu mugulitsa m'makwacha, kwa munthu wolandira makwacha.

Mukukumbukira November 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kuti lendi ya ndege yanu ndi madola 50,000 pamwezi. Munagona mukufunika K59 miliyoni, mwadzuka mukufunika K85 miliyoni, okwera ndi omwewo, malipiro awo sanasunthe. Mu May 2022 inali itagwa kale ndi 25 peresenti, ndipo mu 2012 tinaonanso zomwezi. Apa ndikuwerengera mtengo wa kubanki, ngati kuti mukapita kubankiko madolawo mukawapeza. Mwini ndege ali ku Ireland kapena ku Johannesburg samva zoti tili pamzere, fomu tinapereka. Miyezi ingapo osalipira, amatuma anthu ake kudzaitenga, ndipo amanyamula ndi mabuku ake omwe.

Ngakhale kumene zinthu zili bwino, phindu la ndege ndi lochepa modabwitsa. Bungwe la IATA, limene limasonkhanitsa makampani a ndege padziko lonse, linawerengera kuti mu 2024 phindu pa wokwera mmodzi linali madola 6 kapena 7; kwa makampani a mu Africa, pafupifupi dola imodzi. Dola imodzi, achemwali, ndipo m'masamu amenewo kampani ya Ethiopian Airlines ili momwemo, ikukokera anzake m'mwamba.

Tsopano za ku Zambia zimene alamu akuzitchulazo. Zoona, Zambia Airways inayambanso kuuluka pa 1 December 2021, kuchoka ku Lusaka kupita ku Ndola, patatha zaka 27 chithetsereni yoyamba ija mu 1994. Koma afunseni alamu kuti eni ake ndani. Magawo 55 pa 100 ndi a boma la Zambia kudzera ku kampani yake ya IDC, 45 otsalawo ndi a Ethiopian Airlines. Ndalama zoyambira zimene analengeza zinali madola 30 miliyoni. Ndege yoyamba, Dash 8-400 ya mipando pafupifupi 70, inachokera kwa Ethiopian, pamodzi ndi luso lokonza ndi lophunzitsa anthu. Ndi mphamvu zonsezo, anasainirana mu 2018, koma anadzayamba patatha zaka zitatu. Ndipo zaka ziwiri zisanathe anali atayamba kale kupita ku Harare ndi ku Johannesburg. Mmene ndimaonera ine, nawonso anadziwa kuti m'dziko mokha simukhutitsa.

Amene anachita zimene alamu anu akufunazi ku Zambia, anthu wamba ndi ndalama zawo, ndi ena, ndipo alamu sakuwatchula. Zambian Airways inaima mu January 2009. Zambezi Airlines inaimitsidwa mu 2011. Imene yapirira ndi Proflight, imene Tony Irwin anayambitsa mu 1991, ndipo taonani mmene inayendera: zaka zambiri inali ya hayala, tindege tating'ono tonyamula alendo okaona nyama, isanayambe kudzitama ndi maulendo a tsiku ndi tsiku.

Komanso Zambia si Malawi. Dziko lija kukula kwake kumaposa lathu kasanu ndi kamodzi. Kuchoka ku Lusaka kupita ku Solwezi pagalimoto ndi tsiku lathunthu, mukulimbana ndi mathiraki a mkuwa pa msewu wa ku Kabwe ndi Kapiri Mposhi. Kumeneko kuli migodi ya Kansanshi, Lumwana ndi wa ku Kalumbila, yotumiza mainjiniya uku ndi uku sabata iliyonse, tikiti yolipira kampani, kampani yopeza madola. Ku Livingstone kuli mathithi, ku Mfuwe kuli paki ya nyama ya South Luangwa. Munthu amene wakhala pawindo m'ndege ya ku Mfuwe anagula tikiti yake ali kwawo ku Germany mvula isanathe kuno.

Ife wokwera wathu ndani? Njira imene ili ndi anthu ochulukirako ndi ya Lilongwe ndi Blantyre, ndipo njira imeneyi njaifupi moti ndege siionetsa mphamvu zake. M'mwamba ndi mphindi 40 kapena kucheperapo, inde. Koma tawerengani kuyambira pakhomo. Kuchoka ku Area 47 kukafika pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, theka la ola msewu ukakhala wopanda chipwirikiti. Mufike kutatsala ola lathunthu. Mukatera ku Chileka mudikire chikwama, mupeze takisi, mudutse pa Kameza, mukalowe m'tauni. Maola atatu akwana, mwina ndi theka. Mnzanu amene munanyamukira limodzi pagalimoto, makilomita 300 ndi pang'ono kudzera pa Zalewa, afika patangopita ola limodzi kapena ndi theka, ndipo iye ali ndi galimoto yake yoyendera mu Blantyre, inu mukunenerera mtengo kwa a takisi.

Palinso china chimene olemba mapulani a bizinesi ali ku Ulaya sachiona. Kwa Mmalawi, ulendo wa pamsewu uli ndi zake zopindula. Bwana akatumidwa ku msonkhano ku Blantyre, akapita pagalimoto pali ndalama ya mafuta, pali alawansi yogonera, dalaivala naye apezapo yake. Pobwerera aima pa Lizulu, buti itsegulidwe: kabichi, tomato, anyezi, ndowa ziwiri za kachewere, kathumba ka makala penapake pamene maso a boma sakufika. Kunyumba akudikira zimenezo. Mukamupatsa tikiti ya ndege mwamulanda zonsezi, n'kumusinthitsa ndi kabisiketi ndi kapu ya juwisi. Ndinkawaona ine alembi a m'maofesi akubwera kudzabweza matikiti amene ofesi yagula kale, akuti bwana asintha maganizo, apita pamsewu. Amene alibe galimoto ali ndi mabasi abwino masiku ano, a AXA, a Sososo ndi ena, onyamuka pa nthawi yake, pa mtengo umene ndege singaufike ngakhale itafuna.

Ndipo pa njira yomweyo pali kale wina. Malawi Airlines inayamba pa 31 January 2014, ulendo woyamba unali womwewu wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre pa ndege ya Q400, mtundu womwe uja wa Dash 8-400. Boma lili ndi magawo 51, Ethiopian 49. Kwa iwo kachidutswa kameneka nthawi zambiri n'kongodutsa, ndege ikupita ku Johannesburg kapena ikuchokera kumeneko, ndalama yeniyeni ili mwa opitirira. Wotsikira ku Chileka ndi basela. Inu mukabwera ndi mtengo wotsika, iwo angathe kutsitsa kuposa inu miyezi ingapo osamva kuwawa, pomwe kwa inu kachidutswa komweko ndiye nsima yonse.

Ndikudziwa chimene chikuwakoka alamu anu, chifukwa inenso chimandikoka. Amene tinakulira mu Blantyre tikukumbukira Lamlungu masana, bambo atatitenga kupita ku Chileka osati kukalandira munthu, kukangoona ndege basi, titatsamira chitsulo cha pakhonde la pamwamba lija, Fanta ili m'manja. Air Malawi inali yathu. Inabadwa mu 1964 ngati nthambi ya Central African Airways, n'kuima payokha mu 1967, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inali ndi ndege ya VC10 yopita mpaka ku London. Kenaka kunabwera Kwacha, Boeing 737 ija, ndi Shire ya mapulopela. Ukaona dzina la dziko lako palichitsulo lalikulu ngati limenelo, mtima unkachita kuti myaa. Koma kampani imeneyo, boma lili kumbuyo kwake, msika wa m'dziko uli wakewake, ngongole zinaimiza, ndipo mu 2013 inatseka. Kunyadira dziko n'kwabwino, koma ngati dziko likufuna ndege yonyadira, lilipire ndi misonkho ya tonse, tikakangane ku Nyumba ya Malamulo. Asakalipire namwino mmodzi wogwira mashifiti a usiku m'chisanu cha ku England. Apa pokha sindigonja. Zimandipsetsa mtima kuti maloto akuluakulu a amuna a m'banja nthawi zonse amakathera pa foni ya mlongo amene ali kunja, ndipo akakana ndiye kuti wayamba kunyada, waiwala kwawo. Munanditumizira ndi chithunzi chimene alamu akugawa, ndege yoyera yokhala ndi dzina la kampani yawo m'mbali. Chimenecho mwana wa sekondale angachipange pa kompyuta madzulo amodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Si kuno kokha

Inu muli ku England, simukusowa kupita kutali. Flybe inali kampani yaikulu ya ndege za m'dziko kumeneko, yoyendera ma Q400 omwewa. Inagwa mu March 2020, ena anagula dzina n'kuidzutsa mu 2022, mu January 2023 inagwanso. Kumeneko ndi kwa anthu a mapaundi, kopanda mzere wa ndalama zakunja.

Ku Tanzania, Fastjet inayamba mu November 2012 ndi ma Airbus A319 ndi matikiti oyambira madola 20, m'dziko lalikulu limene kuchoka ku Dar es Salaam kupita ku Mwanza pabasi munthu umafika msana utathyoka. Inafikako ndi ku Lilongwe kuno mu 2015, miyezi yowerengeka n'kusiya. Pofika kumapeto kwa 2018 ya ku Tanzania inali itaima. Ku Mozambique, kumene kuchoka ku Maputo kupita ku Pemba kapena ku Lichinga njira yanzeru ndi ndege basi, Fastjet inayesa mu 2017 n'kuchoka mu 2019. Ethiopian yeniyeniyo inatsegula kampani yake kumeneko mu December 2018 n'kuitseka mu 2021. South Africa ndiye musanene: 1time ndi Velvet Sky mu 2012, Skywise mu 2015, SA Express mu 2020, Mango mu 2021, ndipo mu June 2022 Comair, mwini wa ndege za kulula, kampani imene inali itauluka kuyambira 1946.

Kuti ndisaoneke wolengeza maliro okhaokha, zilipo zimene zayenda. Ku South Africa komweko, FlySafair inayamba mu 2014, koma inatuluka m'kampani ya Safair imene inali itakhala zaka makumi angapo ikunyamula katundu ndi kubwereketsa ndege. Lift inayamba mu December 2020, mliri wa Covid uli m'kati, anthu n'kumati apenga. Koma taonani amene anali kutsogolo: Gidon Novick, yemwe anayambitsa kulula mu 2001, si mlendo pa ntchitoyi. Sanathamangire kugula ndege, anagwirizana ndi kampani ya Global imene inali kale ndi ma Airbus A320, oyendetsa ndi chiphaso. Analowa nthawi imene ndege zinali zitangokhala pansi paliponse ndipo oyendetsa akusaka ntchito. Anatsamira pa njira ya Johannesburg ndi Cape Town, imodzi mwa njira zotanganidwa kwambiri padziko lonse, maola awiri m'mwamba, makilomita pafupifupi 1,400 pansi. Kenaka Mango ndi Comair zinagwa, okwera awo n'kugwera m'manja mwa otsala. Pa zinthu zonsezi, alamu anu ali ndi chiti?

Kumpoto ndiko kumene mtima wanga umafewako, poti kumeneko vuto lilipodi. Amene anatsikapo Chiweta usiku pa basi yodzaza akudziwa kuti Karonga ndi kutali. Koma bwalo la ku Mzuzu lili m'kati mwa tauni, poterera pake mpafupi, ndege zazikulu sizingafikepo, ndipo nkhungu ya ku Viphya siipempha chilolezo kwa munthu. Tonse tikukumbukira 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa cha nyengo n'kukagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Sindikutchula izi kuti muziopa ndege. Ndikutanthauza kuti kampani yolonjeza Mzuzu tsiku ndi tsiku idzakhala ndi masiku ambiri obwerera panjira kapena osanyamuka n'komwe, ndipo tsiku lililonse lotero ndi mafuta otayika, ndalama zobweza, anthu owagoneka. Chimene chimandiopsa ndi kampani imene ngongole yaifika m'khosi, chifukwa ndi imene imayamba kuuza woyendetsa kuti tayesani ndithu, mwina kuyera. Onjezani apo kuti msewu wa M1 wopita kumpoto akuukonza ndi ndalama za ku Ulaya; phula latsopano likamatalika, okwera ndege ya alamu anu akucheperachepera.

Ku Karonga ndege zinkatera kawirikawiri nthawi imene mgodi wa Kayelekera unkagwira ntchito pakati pa 2009 ndi 2014, chifukwa panali kampani yolipira. Migodi ina imene ikutchulidwa masiku ano, Kasiya ili m'boma la Lilongwe momwemo, Kangankunde ili ku Balaka. Kumeneko anthu adzapita pagalimoto. Likoma ndiye malo amodzi amene ndege ilibe mdani weniweni. Ilala, imene yakhala panyanja kuyambira 1951, imadutsa pa masiku ake a pasabata, kuphatikiza maboti ochokera ku Nkhata Bay, ndipo alendo opita kumalo ogona a pachilumbapo amalipira madola. Koma amenewa ndi anthu a ndege ya mipando 5 kapena 12, ya mtundu wa Cessna, makamaka kuyambira May mpaka October. Mvula ikayamba ndege ikhala pansi, inshulansi ikuwerengabe. Ndipo alipo amene anachitapo kale zimenezi, monga a Ulendo Airlink. Zikanakhala kuti alamu akunena za Cessna Caravan imodzi, atasainirana ndi malo ogona alendo a ku Likoma, Liwonde, Majete ndi Nyika, kuphatikiza kunyamula odwala ndi a mabungwe, ndikanati bwerani nawo tione masamu. Malo asanu nthawi imodzi, ndi ndalama zosonkha pa WhatsApp, ayi.

Ndiye musaponyemo. Ngati mukufuna kukana mosawakhumudwitsa, musatsutsane nawo za maloto, apempheni mapepala. Kalata yolembetsera kampani aliyense angaipeze. Chimene chimaloleza kunyamula anthu ndi chiphaso cha AOC, chochokera ku bungwe la boma loona za maulendo a ndege, ndipo chimatenga miyezi yambiri, pamafunika mkulu wa oyendetsa, mkulu wa zokonza ndi ndege yeniyeni yoti akaione. Akuonetseni chimenecho, ndi mgwirizano wa ndegeyo: mwini wake ndani, azikonzera kuti. Akuuzeni kampani imene yasaina kuti izigula mipando mwezi ndi mwezi, osati imene yalonjeza paphwando, madola a miyezi ingati ali kale m'banki ndege itati iziuluka theka lopanda anthu, ndipo iwo eni aponyamo zingati zawozawo. Ngati kukana kotheratu kungaswe banja, perekani kandalama kamene mukanapereka paukwati wa mwana wawo, mumtima muwerenge kuti ndi mphatso, ndipo kapite ku akaunti ya kampani, osati pa nambala ya munthu. Mng'ono wanu muyankhule naye payekha, mwina naye tulo sakutiona. Mapepalawo akabwera, nditumizireni tsamba la zolipira m'madola lokha, ena onsewo musavutike nawo.